Kalata yotseguka kwa akuluakulu oyang'anira mabwinja ndi mapiri a ku Nyanga

Olemekezeka a Nduna oona za chikhalidwe ndi malo a mbiri yakale, a Nduna oona zokopa alendo, akuluakulu osamalira nkhalango zotetezedwa, mafumu ndi makhansala a m'boma la Nyanga,

Ndikulemba kalatayi kuchokera ku Mufakose muno mu Harare, m'dzina langa komanso la anzanga amene timapemphera nawo limodzi ndi kukhala nawo m'bungwe lothandizana pa maliro. Pempho lathu ndi limodzi, ngakhale lili ndi mbali zingapo: tikufuna kuti pa nyengo ya Khirisimasi mabanja wamba a m'malokeshoni a mzinda uno azitha kufika ku mabwinja a ku Nyanga popanda kugulitsa katundu wa m'nyumba, ndipo akafika kumeneko azimva mbiri ya malowo m'zilankhulo zimene amalankhula kwawo. Ndasankha kulemba m'Chichewa mwadala, chifukwa ndi chimodzi mwa zilankhulo zovomerezeka za dziko lino la Zimbabwe, ndipo ndikukhulupirira kuti m'maofesi mwanu muli anthu amene angakuwerengereni.

Loleni ndiyambe ndi kufotokoza kuti olemba kalatayi ndife yani, pakuti popanda zimenezo pempho lathu silingamveke. Ambiri mwa ife ndife ana ndi adzukulu a anthu amene anachoka ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi, ku njanji ndi m'nyumba za azungu. Ena anabwera kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, ena pa malole a ulere, ena anayenda wapansi kudutsa ku Tete mpaka kulowera ku Mutoko. Ambiri sanabwererenso, ndipo kwawo ankawatchula kuti machona. Ife tinabadwira kuno, ku Mbare, ku Highfield, ku Mabvuku, ku Dzivaresekwa, ku Epworth ndi m'makomboni a m'mafamu, ndipo gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko a 2013 linatsimikizira kuti obadwira m'dziko muno kwa makolo ochokera m'mayiko a SADC, amene ankakhala kuno nthawi imeneyo, ndi nzika. Komabe pali chinthu chimodzi chimene ambiri mwa ife tilibe, chomwe ndi mudzi wa kumunda m'dziko lino. Disembala akafika, anzathu oyandikana nawo nyumba amamanga katundu, kukwera basi pa Mbare Musika n'kupita kwawo ku Murewa, ku Gutu kapena ku Chipinge, ife n'kutsala m'lokeshoni. Ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Mangochi ndi wautali, umafuna mapasipoti a banja lonse, ndipo kwa ambiri abale amene akanatilandira kumeneko anatha kalekale. Zotsatira zake n'zakuti ana athu amakula akudziwa dziko lawo kuyambira pa siteji ya makombi mpaka pa geti la sukulu basi.

Nyengo ya Khirisimasi ndi nthawi yokhayo pa chaka imene banja la munthu wolembedwa ntchito limapezeka lonse pamodzi. Sukulu zimakhala zitatsekedwa, mafakitale ambiri amapumitsa antchito, ndipo pa 22 Disembala pamakhala tchuthi cha Tsiku la Umodzi chimene chimatsatana ndi cha pa 25 ndi pa 26. Kuchokera ku Harare kukafika ku Nyanga ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 270, kudzera ku Marondera, Macheke ndi Headlands, kukhotera kumanzere pa Rusape, n'kukwera mtunda mpaka ku Juliasdale. Umenewu si ulendo woti nzika ya dziko lino ifike pokalamba isanauyendepo, koma ndikukutsimikizirani kuti mutafunsa m'matchalitchi ndi m'mizikiti yathu, mungapeze kuti amene anamvapo za Great Zimbabwe ndi ochuluka, pomwe amene anamvapo dzina la Ziwa, malo a mabwinja a ku Nyanga, ndi owerengeka.

Inu mukudziwa bwino chimene chili kumeneko, koma popeza kalatayi iwerengedwanso ndi anthu amene sanafikeko, ndifotokoza mwatsatanetsatane. M'mapiri a Nyanga, pa dera la masikweya kilomita oposa 5,000, muli ntchito ya manja ya alimi akale yochititsa chidwi kwambiri. Anthuwo anatola miyala ya m'mapiri n'kuisanja mizeremizere mopingasa chitunda, migula ya miyala yotsatizana kuyambira m'tsinde mwa phiri mpaka pafupi ndi pamwamba, kuti nthaka isakokoloke ndiponso kuti apeze polima pamalo amene munthu wa lero angangowayang'ana n'kudutsa. Anakumba ngalande zotenga madzi m'mitsinje n'kuwayendetsa m'mbali mwa mapiri mtunda wautali. Pamwamba pa zitunda anamanga malinga, monga la Nyangwe pafupi ndi damu la Mare ndi la Chawomera, ndipo m'midzi yawo munali ng'anjo zosungunulira chitsulo. Akatswiri ofukula zakale amati ntchitoyi inayamba cha m'ma 1300 m'malo okwera kwambiri, kenako anthu anayamba kutsikira m'munsi, ndipo mabwinja ambiri a pa Ziwa ndi a zaka za m'ma 1600 ndi 1700. Pa Ziwa pokha, pamene pali pafupifupi makilomita 20 kumpoto chakumadzulo kwa tauni ya Nyanga, malo otetezedwa ndi oposa mahekitala 3,300, ndipo anaikidwa m'gulu la malo a mbiri ya dziko mu 1946.

Chimene chimakopa mtima kwambiri ndi makola a pansi. Pakati pa nyumba za banja limodzi pankakhala dzenje lozungulira lowakidwa ndi miyala, lakuya kuposa msinkhu wa munthu, ndipo polowera pake panali kanjira kokhota kofoleredwa ndi miyala yafulati, kopapatiza ndi kofupika moti munthu wamkulu amalowa chowerama. Kanjirako kankadutsa kunsi kwa nyumba, ndipo pansi pa nyumbayo pankakhala kabowo kothandiza mwini wake kumva chilichonse chodutsa usiku ndi kutsekera njirayo ndi mitengo. Kumunsi kwa dzenjelo kunali kangalande kotulutsira madzi. Azungu oyamba kuona maenjewa anafalitsa nkhani yoti ankasungiramo akapolo, ndipo nkhaniyo inakhalitsa m'mabuku a alendo. Koma kafukufuku wa Roger Summers cha m'ma 1950, ndiponso makamaka wa Robert Soper m'zaka za m'ma 1990, anasonyeza kuti awa anali makola a ziweto, makamaka ng'ombe za mtundu waung'ono, ndi kuti ndowe zake zinkapita ku minda ya pafupi ndi nyumba ngati manyowa. M'mabwinjamo munapezekanso mbewu zopserera za mapira, mawere, mchewere, khobwe ndi nzama, zomwe ndi mbewu zimene agogo athu ankalima ku Dedza ndi ku Ntcheu.

Apa m'pamene pagona mtima wa kalata yanga. Great Zimbabwe ndi Khami ndi malikulu a mafumu, ndipo n'zoyenera kuti dziko limawanyadira. Koma Nyanga ndi chikumbutso cha mlimi wamba, munthu wa khasu, amene anawerama pa chitunda n'kusuntha mwala umodziumodzi kuti ana ake adye. Anthu amene angamvetse ntchito imeneyi mosavuta, osafuna kuuzidwa zambiri, ndi amene manja awo anagwirapo khasu, ndipo m'dziko lino mulibe gulu limene linalima minda ya anthu ena nthawi yaitali kuposa makolo athu.

Zimenezi ndinaziona ndi maso pa Khirisimasi ina pamene ife a mumpingo mwathu tinasonkha ndalama kwa miyezi ingapo n'kuchita hayala minibasi yopita ku Nyanga. M'gulu lathu munali mayi wina wachikulire wa Chigwirizano amene anakulira pa famu ya fodya ku Mashonaland ndipo sukulu sanapite nayo patali. Titafika pa Ziwa, achinyamata anathamangira kujambulana zithunzi pa mipanda, koma mayiyo anapita pa mgula umodzi, anagwada, anatapa dothi n'kulifikisa pakati pa zala, kenako anayang'ana kumtunda ndi kumunsi kwa chitundacho kwa nthawi yaitali. Anaitana adzukulu ake n'kuwaonetsa kuti miyala ikuluikulu ili kunja, ing'onoing'ono yathiridwa m'kati, ndipo anawafotokozera kuti madzi a mvula akatsika ndi liwiro amafika pamenepo n'kufooka, dothi n'kutsala, madziwo n'kusefekera kunsi pang'onopang'ono. Anatinso: "Ana inu, amene anamanga izi sanali aulesi, ndipo sanali opusa. Onani pamene anasankha kulima, dothi lake ndi lofiira, lamphamvu. Uko kuli mchenga sanavutike nako." Pambuyo pake ndinamva kuti akatswiri anapezanso zomwezo, kuti migula yambiri ili pa nthaka yachonde yochokera ku miyala yakuda ya dolerite, imene vuto lake ndi kuchuluka kwa miyala basi. Mnyamata wina wa m'gulu lathu, amene amaphunzira zaulimi ku sekondale, anakwawa m'kanjira ka khola lina n'kutulukira m'kati mawondo ali matope okhaokha, ndipo ulendo wonse wobwerera ankangofunsa kuti ng'ombe zazing'ono chotero zinapita kuti.

Ena anganene kuti Disembala si nthawi yabwino yoyendera mapiri chifukwa cha mvula. Ine ndikuti pa nkhani ya mabwinja a ulimi, imeneyi ndiyo nthawi yake. M'chilimwe mlendo amaona miyala yokha, koma m'dzinja amaona chimene miyalayo inaikidwira: madzi akuyenda m'chitunda, dothi litagwidwa kuseri kwa mgula, chimanga cha anthu a m'midzi yozungulira chili m'mawondo. Ngakhale njira yake imaphunzitsa, pakuti m'mbali mwa msewu wa ku Rusape mumakhala amayi ndi ana akugulitsa masuku ndi bowa m'mabeseni, ndipo mukakwera ku Juliasdale mumapeza mapichesi, maapozi ndi mbatatesi. Mwana wa ku Mbare amene amangoziona zinthuzi pa msika amafika pozindikira kumene zimachokera.

Tsono pempho loyamba ndi la mayendedwe, ndipo ndilo lalikulu. Basi imatha kumufikitsa munthu m'tauni ya Nyanga, koma mabwinja, malinga ndi mathithi zili kutali ndi msewu wa tala ndipo zatalikirana. Amene ali ndi galimoto yakeyake yolimba amazungulira malo onsewa tsiku limodzi, pomwe amene wabwera pa basi amathera pa siteji, kapena amagwa m'manja mwa oyendetsa magalimoto ang'onoang'ono amene amatchula mtengo poyang'ana nkhope. Chigawo chomaliza cha njira ya ku Ziwa ndi msewu wa dothi, ndipo mvula ikagwa motsatizana dalaivala wa minibasi amayamba kuwiringula. Ife tinachita kutsika pamalo ena n'kukankha. Tikupempha kuti kuyambira pakati pa Disembala mpaka sabata yoyamba ya Januwale pakhale basi yodziwika nthawi yake ndi mtengo wake, yonyamuka m'tauni ya Nyanga m'mawa kupita ku Ziwa ndi ku mabwinja ena a pafupi a ku Nyahokwe, ndi ina yolowera m'nkhalango yotetezedwa kudzera ku Nyangwe. Si zofunika kuti boma ligule mabasi atsopano, pakuti eni mabasi alipo ndipo akhoza kupatsidwa chilolezo ndi ndondomeko. Tikupemphanso a khonsolo kuti msewu wa dothiwo uzipalidwa ndi kuthiridwa miyala mvula isanayambe, mu Okutobala, chifukwa kuupala madzi atayamba kale kuyenda n'kungotaya mafuta.

Pa nkhani yomweyi ndiyenera kutchula za ngozi. Chaka chilichonse apolisi amalengeza chiwerengero cha anthu ofa pa misewu pa nyengo ya zikondwerero, ndipo msewu wa Harare kupita ku Mutare ndi umodzi mwa yotanganidwa kwambiri. Banja losauka likafuna kuchepetsa mtengo limakwera galimoto yodzaza mopyola muyezo, yoyenda usiku, dalaivala wake asanagone. Basi yovomerezeka ya alendo a m'dziko momwemuno, yonyamuka masana pa Mbare Musika, ingapulumutse miyoyo kuwonjezera pa kuphunzitsa mbiri.

Pempho lachiwiri ndi la chilankhulo. Gawo 6 la malamulo oyendetsera dziko limatchula zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo m'ndandandawo muli Chichewa komanso Chibarwe, chimene chimalankhulidwa kumpoto kwa boma la Nyanga lomwelo. Gawo lomweli limalamula boma kuti lilimbikitse kugwiritsa ntchito zilankhulo zonsezi. Koma pafupifupi zonse zozama zimene zinalembedwa zokhudza mabwinja a Nyanga zili m'Chingerezi cha akatswiri, chimene ngakhale mwana wa Fomu 4 amavutika nacho. Sitikupempha kuti chikwangwani chilichonse chikhale ndi zilankhulo 16, ayi. Tikupempha kapepala ka masamba awiri kapena anayi, kofotokoza za migula, makola, ngalande ndi ng'anjo m'mawu osavuta, kosindikizidwa m'Chishona, m'Chindebele, m'Chibarwe, m'Chichewa ndi m'zilankhulo zina malinga ndi alendo amene amafika. Popeza masiku ano pafupifupi banja lililonse lili ndi foni, mawu omwewo akhoza kujambulidwa kuti munthu aziwamvetsera pa WhatsApp asananyamuke, zomwe zingathandize agogo amene sadziwa kuwerenga komanso kupewa vuto la netiweki ya m'mapiri. Pakati pathu pali aphunzitsi opuma ntchito ndi akuluakulu a mipingo amene akhala akumasulira maulaliki ndi zikalata kwa zaka zambiri, ndipo ndi okonzeka kugwira ntchito ya Chichewayo mwaulere, malinga akatswiri anu aunike kuti mfundo zake n'zolondola.

Chilankhulo chimayendera limodzi ndi nkhani imene ikukambidwa. Mlendo wofika ku Nyanga sachedwa kumva za Cecil Rhodes, amene anagula malo aakulu kumeneko mu 1896 ndipo atamwalira mu 1902 malowo anasiyidwa m'manja mwa boma, n'kudzakhala chiyambi cha nkhalango yotetezedwa ya lero. Nyumba yake inasanduka hotela, ndipo m'khola lake la mahatchi muli nyumba yosungiramo zinthu zakale. Amamvanso za nsomba za trout ndi bwalo la gofu la ku Troutbeck. Zonsezi ndi mbiri ndithu ndipo sindikuti zifufutidwe. Koma kwa zaka zambiri mabwinja a Ziwa ankadziwika ndi dzina la Van Niekerk, msilikali amene anaperekeza katswiri wofukula zakale David Randall-MacIver pamalopo mu 1905, ngati kuti amene analozera mlendo njira ndi wofunika kuposa amene anamanga. Dzinalo linasinthidwa dziko litalandira ufulu, ndipo tikuthokoza. Chimene chatsala n'chakuti wolondolera alendo aliyense azitha kulumikiza alimi akalewo ndi anthu amene alipo lero, a kwa Saunyama, a kwa Katerere, a kwa Tangwena ndi ena, kuti mwana asachoke kumeneko akuganiza kuti omanga migula anali mtundu wachilendo umene unangosowa. Azimvanso za Mfumu Rekayi Tangwena, amene kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 anakana kuchoka pa nthaka ya makolo ake ku Gaeresi ngakhale nyumba za anthu ake zinagwetsedwa ndi kutenthedwa, amene mu 1975 anaolotsa Robert Mugabe ndi Edgar Tekere kupita ku Mozambique, ndipo atamwalira mu 1984 anaikidwa ku Heroes Acre muno mu Harare. Munthu amene waona thukuta limene linathiridwa pa zitunda zimenezo samavutika kumvetsa chifukwa chake Tangwena anakana kusamuka.

Za malo ogona ndinena mwachidule. Mahotela ndi nyumba za alendo za ku Nyanga zimadzaza miyezi ingapo Khirisimasi isanafike, ndipo mitengo yake si ya woyendetsa kombi kapena wogulitsa tomato. Koma nthawi yomweyo sukulu zogonera konko za m'bomalo zimakhala zopanda ana. Kukanakhala kuti unduna wa zamaphunziro ndi eni sukuluzo agwirizana zoti magulu odziwika bwino, monga a mipingo, a mizikiti ndi a mabungwe a maliro, azigona m'zipinda za ana pa mtengo wochepa atabwera ndi zofunda ndi ufa wawo, sukulu zikanapeza kangachepe kogulira choko, ndipo mabanja akanapeza denga. Tikupemphanso kuti mitengo yolowera m'malo onsewa izilengezedwa msanga pa wailesi, m'madola ndi mu ndalama ya dziko lino ya ZiG momwe, ndiponso kuti pakhale tikiti imodzi ya banja, kuti bambo asamafike pa geti n'kuyamba kusankha kuti mwa ana ake alowe ndani.

Pali nkhani ina imene sindingaidumphe, chifukwa kuitana anthu ku mapiri nthawi ya mvula popanda kuwachenjeza n'kuwaika m'mavuto. Phiri la Nyangani, lotalika mamita 2,592, ndilo lalitali kwambiri m'dziko lino, ndipo nyengo yake imasintha mofulumira kwambiri. Kumwamba kumatha kukhala koyera m'mawa, koma pofika masana nkhungu n'kukuta phiri lonse moti munthu saona mnzake amene ali patsogolo pake, ndipo kuzizira kwake mwana wa ku Highfield amene wavala malaya a Khirisimasi okha sangakupirire. N'zodziwika kuti pa phirili panasowapo anthu amene sanapezekenso. Anthu a kumeneko amalilemekeza ngati malo a mizimu ndipo ali ndi miyambo ya mmene mlendo ayenera kukhalira akakwera, monga momwe a ku Mulanje amachitira ndi Sapitwa, ndipo ife a Chichewa sitiona chachilendo pamenepo. Tikupempha kuti pa nyengoyi olondolera alendo achuluke, kuti pasakhale gulu lokwera lokha, kuti nthawi yomaliza kuyamba kukwera izitsatidwa mosanyengerera, ndiponso kuti chenjezo la mphenzi ndi la mitsinje yodzaza liziperekedwa pakamwa pa geti m'chilankhulo chimene mlendo akumva. Chimodzimodzinso pa mathithi a Mutarazi, amene madzi ake amagwa mamita 762 kulowera ku chigwa cha Honde, ndi pa mathithi a Nyangombe, pamene miyala yonyowa imaterera kwambiri. Aliyense amene akukumbukira zimene namondwe wa Idai anachita ku Chimanimani ndi ku Chipinge mu Marichi 2019 amadziwa kuti mvula ya m'mapiri a kum'mawa si yoseweretsa.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi nkhawa yoti anthu akachuluka mabwinja adzawonongeka, ndipo nkhawa imeneyo ndi yomveka. Mipanda ya Nyanga inamangidwa popanda matope kapena simenti, ndipo mwana mmodzi wokwera pamwamba kuti ajambulidwe akhoza kugwetsa chimene chakhala chilili zaka 300. Koma adani aakulu a mabwinjawa si alendo. Mitengo ya wattle ndi paini, imene inabwera ndi minda ya mitengo ya atsamunda, yafalikira m'mapiri ambiri a Nyanga, ndipo mizu yake imalowa pakati pa miyala n'kuikankha. Lupsa la m'chilimwe, ng'ombe zodutsa pa migula, ndi anthu otola miyala yosanjidwa kale kuti akamangire maziko a nyumba, zonsezi zimawononga mwakachetechete malo amene palibe akuwayang'ana. Malo amene anthu amafikako kawirikawiri amakhala ndi mlonda, njira yolambulidwa ndi anthu a m'mudzi amene amapezapo phindu. Ngati mnyamata wa kwa Saunyama angalandire malipiro polondolera alendo pa Disembala, ndipo mayi ake n'kugulitsa chimanga chootcha ndi nsima pa geti, banja limenelo lidzakhala loyamba kuletsa munthu wobwera ndi ngolo kudzatola miyala. Choncho tikupempha kuti olondolera alendo a nyengoyi azitengedwa m'midzi yozungulira ndi kuphunzitsidwa ndi akatswiri a National Museums and Monuments of Zimbabwe, ndipo ntchito yozula wattle m'mabwinja iziperekedwa kwa anthu omwewo.

Ifenso tili ndi mbali yathu, ndipo sitikufuna kuisiya kwa inu. Magulu athu akamanyamuka tiziwalangiza kuti pa mpanda sakwerapo, kuti phale kapena mphero yopezeka pansi imasiyidwa pomwepo, kuti mabotolo ndi mapepala a zakudya amabwerera nawo m'galimoto, ndiponso kuti mabwinja ndi malo amene munagona anthu, osati bwalo la zoimbira ndi mowa. Anthu amene amadziwa ulemu wa ku dambwe ndi wa kumanda safunika kuphunzitsidwa kawiri za zimenezi.

Chotsiriza ndi nkhani ya UNESCO, nthambi ya bungwe la United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe. Ziwa inalembedwa pa mndandanda woyembekezera wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi mu 1997, ndipo mpaka lero ikadali pa mndandanda womwewo. Mana Pools inalowa m'kaundula weniweni mu 1984, Great Zimbabwe ndi Khami mu 1986, Victoria Falls mu 1989, ndipo mapiri a Matobo mu 2003. Ku Malawi, zojambula za pa miyala za ku Chongoni, zimene zina mwa izo n'zokhudza chinamwali ndi Nyau za makolo athu, zinalowa mu 2006. Ndikudziwa kuti ntchito yokonza zikalata zotere imafuna ndalama, mapu, ndondomeko ya kasamalidwe ndi mgwirizano ndi mafumu, ndipo sindikuipeputsa. Koma mwana amene anabadwa chaka chimene Ziwa inalembedwa pa mndandandawo lero ali ndi ana akeake. Tikupempha kuti mulengeze poyera pamene ntchitoyi yafika ndi chimene chikuyembekezeka, kuti nzika zofuna kuthandiza zidziwe pogwira. Ndikukhulupiriranso kuti pempho la dziko limakhala ndi mphamvu ngati likusonyeza kuti eni dziko enieniwo amafikako ndipo amawakonda malowo, osati alendo akunja okha.

Ngati zonsezi sizingatheke chaka chimodzi, yambani ndi ziwiri zimene sizifuna ndalama zambiri, zomwe ndi basi ya pakati pa tauni ya Nyanga ndi Ziwa pa masabata atatu a tchuthi, ndi kapepala kofotokoza mabwinja m'zilankhulo za anthu. Ife tidzabweretsa kalatayi ku maofesi anu muno mu Harare pamodzi ndi mayina a aphunzitsi amene adzipereka kumasulira, ndipo tikupempha kuti yankho lanu litipeze mwezi wa Okutobala usanathe, chifukwa mabanja athu amayamba kusonkha ndalama za ulendo nthawi imeneyo.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Mufakose, Harare